A Chigamba ndi Hita ya Gasi

Zaka makumi atatu zomata matayala zinawasiya ndi dzina loti a Chigamba, komanso khalidwe limodzi: sakhulupirira chinthu chilichonse chosunga mpweya. Ndiye mwana wawo wamkazi atawagulira hita ya gasi yofunditsira m'nyumba, pabalaza panasanduka pantchito.

Kukazizira, banja lonse limadikira mano akugundana, iwo atagwada ndi kambale ka madzi a sopo, akupaka paipi ndi polumikizira pake kuti aone ngati patuluke thovu. Kenako amakankhira mipando ndi makatani kutali, n'kutsegula zenera mpata wa zala ziwiri. Akayatsa, lawi likhale la buluu. Likangochita chikasu amazimitsa, ngakhale pakhale alendo.

"Bambo, mukufunditsa nyumba kapena dziko lonse?" amafunsa akazi awo, akuloza zeneralo. "Ine zaka zonsezi simunandiyang'anitsitsepo chonchi."

"Inu mukakwiya mumamveka," amayankha a Chigamba akupukuta m'manja. "Mpweya woipa wa motowu ulibe fungo. Tayala likaphwa umakankha njinga n'kukafika. Koma apa ukawodzera zenera lili chitsekere, sudzuka."

Mayiwo amang'ung'udza ndithu. Koma tsiku limene bambowo achokapo, pobwera amapeza kambale kaja kali konyowa.