Chithunzi cha njuchi yanu, Amalume

Amalume, chaka sichinathe chimwalirireni inu, koma ena akuiwalani kale. Lero kuofesi ku Limbe mnzanga wandionetsa lipoti la bungwe lija munkaliwerengera njuchi. Pachikuto pali chithunzi chimene munajambula inu, cha njuchi pa duwa la dzungu, koma pansi pake alembapo dzina la munthu wina. Ndatsegula masamba onse, dzina lanu mulibe. Angoti akuthokoza anthu ongodzipereka, basi. Komatu pamaliro anu mkulu wawo anaimirira pamaso pa tonse n'kunena kuti ntchito yanu sidzaiwalika.

Pojambula chithunzicho ndinalipo. Linali Loweruka m'mawa kudimba kwanu ku Nancholi, inu mutakhala pa chidebe, kope lili pabondo, ine ndikukuwerengerani mphindi pa foni. Ndinakufunsani moseka kuti, "Amalume, zopanda malipirozi mukuvutikiranji?" Munayankha maso ali pa maluwa: "Iwe, maungu anga asiya kubala. Ndikufuna ndidziwe kumene njuchi zapita, ndipo akuluakuluwo adziwenso." Itatera imodzi munandilanda foni, n'kunong'ona kuti ndisagwedezeke. Munagwada m'matope ndi mawondo anu otupa aja, mpaka ndinachita kukudzutsani, inu muli kuseka.

Ndikudziwa kuti simunkafuna kutchuka, ndipo mukanakhalapo mukanati ndizisiye. Koma makope anu onse ali ndi ine, ndipo Lolemba ndikupita nawo kuofesi ya bungwelo ngati umboni. Pepani Amalume, ulendo uno sindikumverani.