A Kamphindi ndi Anthu Obadwa pa 30 Febuluwale

Ndinayamba kuwaona Lolemba m'mawa, atakhala pa benchi ya odwala, chikwama chakuda chili pamiyendo. Ndinangoti ndi wodwala shuga, chifukwa a shuga ndi amene amalawirira ndipo sadandaula. Anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, wochepa thupi, malaya osita bwino koma kolala itayamba kutha. Mzere ukasuntha iwonso ankasuntha nawo. Atafika pawindo langa ndinapempha khadi.

"Ndilibe khadi, mayi. Ine ndadzera wodwala ali pambali panuyo," anatero akuloza kompyuta.

"Ndiye munaimiranji pamzere?"

"Ndinapeza anzanga ataima."

Ine ndimalemba mayina pa kachipatala kakang'ono. Munthu akabwera ndimamufunafuna mu kompyuta, ndikamupeza adokotala amaona mbiri yake yonse: matenda akale, mankhwala amene amamwa, ndi amene amamuwenga. Ntchitoyi inali ya amuna anga kwa zaka khumi ndi zinayi. Atamwalira, akuluakulu anandikhazika pa mpando womwewo, poti sukulu ndinafikako ku sekondale ndipo malemuwo anali atandiphunzitsa kutaipa. Mpandowo umapendamira kumanzere mpaka lero, mmene ankakhalira eni ake. Ngakhale polowa mu kompyuta ndinkalemba dzina lawo m'mawa uliwonse, popeza palibe anakumbukira kundipatsa langa.

Bambo a chikwama aja anatumidwa ndi likulu lathu kuti adzachotse pulogalamu yakale yosunga mayina, imene iwo ankati detabesi, n'kuika yatsopano. Makina aakulu osunga zonsezo amakhala m'kachipinda kopanda windo, pakati pa zidebe, zokolopera ndi mipando yothyoka. Anachotsa fumbi pa mpando umodzi, n'kuutsamiritsa kukhoma kuti usagwe, n'kukhala. Abwana athu anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti ntchitoyo itenga nthawi yotalika bwanji.

"Kamphindi chabe," anayankha bambowo.

Pofika Lachiwiri dzina linali litawakanirira. Namwino wathu wamkulu, mayi wosasunga mawu m'kamwa, ankati akamadutsa amakuwa, "A Kamphindi! Kamphindi kanu kaja kabereka kale?"

"Kakuyendera sikelo, asisi," ankayankha osatembenuka n'komwe.

Masiku onsewo ine ndinkalemba odwala m'kope, ndi bolopeni, ndipo adokotala ankangodalira zimene wodwala wakumbukira yekha. Kachipinda kaja kanayang'anizana ndi tebulo langa, chitseko sichitsekeka, choncho ndinkawaona tsiku lonse.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndinali ndisanakaonepo. Asanakhudze chilichonse anakopera mayina onse m'timabokosi tiwiri tofanana ndi sopo kukula kwake. Kamodzi anaika m'chikwama, kena anabwera nako kwa ine.

"Mayi, ikani m'dirowa mukhome. Ine ndikawononga, anthu anu ali umu."

"Bwanji osapatsa abwana?"

"Abwana amayendayenda. Inu ndakuonani, simusuntha."

Sindinadziwe ngati kunali kundiyamikira kapena ayi.

Anali ndi kope lachikuto cholimba lomangidwa ndi labala. Kompyuta ikakana n'kutulutsa uthenga, iwo ankaukopera ndi dzanja, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi nthawi yake. Kenako ankasintha chinthu chimodzi chokha, n'kuyesanso. Ankati ukasintha zitatu nthawi imodzi wodwala n'kuchira, sudziwa kuti wachira ndi chiyani.

Lolemba pulogalamu yatsopano inakana kulowa chifukwa malo anali atadzaza. Anapezamo mafilimu makumi anayi a nkhonya. Sanafunse kuti ndi a ndani, anangowasamutsira m'kachipangizo ka fulashi n'kukakasiya pa tebulo la alonda. Lachiwiri inakananso, poti yakale ija, ngakhale inkaoneka yotseka, inali ikugwirabe ntchito mobisala, itakakamira pakhomo pamene yatsopano inkafuna kulowera. Anaizimitsa, yatsopano n'kulowa. Lachitatu anayamba kusamutsa mayina. Kamzere kobiriwira kanayenda bwinobwino, kanadutsa theka, kenako kanaima. Anabwezera zonse mmene zinalili, anayambiranso, kanaimanso pomwepo.

Anatsegula kaundula amene makina amalembamo zonse zimene achita, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, chala chili pa sikirini. Cha m'ma leveni anakaitana abwana.

"Bwana, muli anthu 3,214 amene anabadwa pa 30 kapena pa 31 Febuluwale. Pulogalamu yakale inkameza chilichonse. Yatsopanoyi imadziwa kalendala, ndiye ikulavula."

Bolopeni inandigwa m'manja. Ndinawerama n'kuchedwa dala kuitola.

Abwana anaimbira foni ku likulu, n'kukweza mawu kuti tonse timve. Amene anayankha anati mwina ndi vairasi, mwinanso zinawonongeka magetsi atathima. Anati mayina oterowo n'ngosadalirika, afufutidwe, eni ake akadzabwera adzalembetsa mwatsopano. Lachisanu madzulo pulogalamu yakale itsekedwa m'zipatala zonse, yathu yokha ndiye yatsalira.

"Mwamva, akulu," anatero abwana. "Fufutani. Ndipo ngati si vairasi, ndikufuna ndidziwe chitsiru chimene chinkalemba zimenezi."

"Ndifufuta Lachisanu masana, bwana, ndikalephera kudziwa kuti n'chiyani. Lero ayi."

Chitsirucho ine ndinkachidziwa. Ndinagona nacho nyumba imodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Anthu ambiri amene amabwera pawindo langa, makamaka okalamba ndi ana oleredwa ndi achibale, sadziwa tsiku limene anabadwa. Pulogalamu yakale sinkalola kusiya malowo opanda kanthu. Amuna anga anandifotokozera tsiku lina akupukuta nsapato pakhonde. "Mayi a m'nyumba, munthu akandiuza kuti sakudziwa, ine ndimupekere bodza? Ndikalemba 1 Januwale, mawa wina adzakhulupirira. Koma 30 Febuluwale aliyense woona adziwa kuti apa palibe tsiku." Anamwino akale ankadziwa zimenezi, koma ena anapuma, ena anasamutsidwa. Ndinatsala ndine. Ndipo m'zaka ziwiri zanga, inenso ndinali nditalembamo anthu oposa mazana anayi mwa njira yomweyo.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba wapansi, osakwera basi. Ndinakhala pa bedi nsapato zili kuphazi. Ndikanena, dzina la malemu lidzatchulidwa ndi pakamwa pa abwana, ndipo mpando ndidzauchoka. Ndikakhala chete, gogo wina adzabwera sakumbukira dzina la jakisoni amene anamutupitsa nkhope chaka chatha, kompyuta nayonso itaiwala. M'nyumba munalibe woti ndimufunse. Mwana wanga amakhala kutali, ndipo akaimba foni amafunsa ngati ndadya, basi.

Lachinayi a Kamphindi sanayese chilichonse. Anasindikiza mayina onse aja pa mapepala n'kumawawerenga limodzilimodzi, pensulo ili m'manja. Nthawi ya nkhomaliro anthu onse anatuluka. Iwo anatulutsa buledi wouma m'chikwama. Ndinawiritsa tiyi makapu awiri, chinthu chimene ndinali ndisanachite chimwalirireni amuna anga, n'kukaima pakhomo la kachipinda kaja.

"Lowani, mayi. Chidebecho n'chouma, khalanipo."

Ndinakhala. Kuti ndipeze chonena, ndinawafunsa kumene anaphunzira ntchitoyi.

Anati anayamba ndi kukonza mataipi m'kashopu ka amalume awo. Zaka khumi ndi zisanu ali ndi mafuta m'zikhadabo, kuwongola zilembo zopindika. Kenako maofesi anayamba kutaya mataipi, shopu n'kusanduka yometera. Anakalowa sukulu ya makompyuta ali ndi zaka makumi anayi, m'kalasi limodzi ndi anzake a mwana wawo, amene ankawatchula kuti agogo. Tsopano likulu limawatuma kumene ena alephera kapena kumene ena safuna kupita. Sabata ino kuno, sabata yamawa kwina, nthawi zonse m'kachipinda ka zokolopera.

"Makina amenewa paliponse amawabisa ngati wachibale wamisala," anatero. "Ndiye ndi ine ndemwe."

"Nanga amayi kunyumba sadandaula?"

"Anapita kwa mwana wathu kukathandiza kulera khanda, miyezi iwiri. Khandalo chaka chino layamba sukulu." Anaseka pang'ono. "Sitinayambane ayi. Kungoti kumeneko kuli phokoso la anthu, kwathu kulibe."

Tinamwa tiyi. Makina aja ankangolira chapansipansi. Kenako anandisonyeza mapepala.

"Taonani apa, mayi. Makina akapenga sasankha. Amawononga dzina, mudzi, mankhwala, chilichonse. Koma apa zonse zili mwaukhondo, palibe ngakhale chilembo chimodzi cholakwika. Tsiku lokha. Ndipo ambiri ndi okalamba. Wolemba izi ndi munthu, ndipo ndi munthu wosamala. Ndaganiza kuti mwina anthuwa sankadziwa masiku awo. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti, n'chifukwa chiyani ena 30, ena 31? Ndikangowapatsa onse tsiku limodzi, ndiwononga chinthu chimene sindikuchidziwa."

Ndinayang'ana m'kapu. Mawu anatuluka okha, aang'ono.

"A 30 ankadziwa chaka chawo, tsiku lokha ndiye ayi. A 31 ngakhale chaka sankachidziwa. Ankangowayang'ana nkhope n'kuyerekeza."

Sanadzidzimuke. Anatsegula kope lawo lija n'kulemba zimene ndanena, ndi nthawi yomwe, ngati uthenga wa makina.

"Ankawayang'ana ndani?"

"Amuna anga. Kenako ine."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Akakhala mwana, adokotala ayenera kudziwa kuti zaka zake n'zongoyerekeza asanamuyezere mankhwala. N'chifukwa chake anasiyanitsa?"

"Eya."

"Ndayenda m'zipatala zambiri, mayi. Kwina konse ndimapeza theka la anthu linabadwa pa 1 Januwale, ndipo palibe angandiuze kuti woona ndi uti. Bambowa ndikanakonda kumwa nawo tiyi."

Ndinatuluka msanga, ndinakatsegula mpopi wa kuseri n'kumatsuka makapu nthawi yaitali.

Masana onse a Lachinayi ndi m'mawa wa Lachisanu anakonza. Anapeza kuti pulogalamu yatsopano ili ndi malo osonyeza kuti tsiku n'longoyerekeza, koma palibe ankawagwiritsa ntchito. Anthu onse aja anawapatsa tsiku lenileni la pakati pa chaka kuti makina awalandire, koma a 30 anawaika chizindikiro chakuti tsiku silidziwika, a 31 chakuti ndi chaka chomwe. Anayesa kaye ndi anthu khumi, n'kundiitana kuti ndione ngati mbiri zawo zafika zonse. Kenako zana. Kenako onse. Kamzere kobiriwira kanafika pamene kankaima paja, kanachita ngati kakuganiza, n'kupitirira mpaka kumapeto.

Abwana atabwera, a Kamphindi anawafotokozera zonse ine ndili pomwepo. Sananene kuti vairasi, sanabisenso dzina la malemu. Anati amene analemba anasiya chizindikiro chabwino pa pulogalamu yoipa, ndipo chimene chinasowa n'kuchilemba penapake kuti obwera m'mbuyo achidziwe. Abwana anakanda m'mutu, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti bola zatheka. Ine sanandidzudzule, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

"Ndiye kabereka!" anakuwa namwino wamkulu uja.

"Kabereka, asisi. Mayi ndi mwana onse ali bwino."

Anandipangira dzina langa lolowera, n'kutembenuka kuyang'ana kukhoma pamene ndinkalemba mawu achinsinsi. La amuna anga linatsekedwa pamodzi ndi pulogalamu yakale. Kabokosi kaja anati ndisungebe mwezi wathunthu. Anabwezera mpando wothyoka pamene anaupeza, anamanga kope lawo ndi labala, n'kunyamula chikwama.

Ndinawaperekeza mpaka pageti, ngakhale pawindo panali anthu atatu akundidikira. Panali zambiri zimene ndinakonza m'mutu, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mudzabweranso liti?"

Anaima n'kusinthira chikwama kudzanja lina.

"Ine amandiitana zinthu zikawonongeka, mayi. Mukapanda kundionanso, mudziwe kuti anthu anu onse alimo."