Vinyo Wouma, Nsomba Yaiwisi

Ntchito ya pa loji ku Chembe ndinaipeza chifukwa cha Chingerezi changa cha Fomu 4 ndi kumwetulira basi. Amanejala, mayi wa ku Blantyre amene anagwirapo ntchito m'mahotela a ku Joni, anandiuza mosapita m'mbali kuti andiyesa kaye. Ndikachita bwino ndikhala woperekera zakudya kwa alendo, ndikalephera ndinyamule chikwama changa ndibwerere kwathu ku Malindi. Kubwererako sindinkakufuna ngakhale kutulo, chifukwa kumeneko ndinasiya amayi ndi azing'ono anga maso ali pa ine, bambo atamwalira.

Bambo anali msodzi wa dzanja labwino, koma kachasu anawatha ife tikuona. N'chifukwa chake tsiku lonyamuka amayi sanataye nthawi ndi malangizo a za amuna. Anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Kumeneko ukanyamule mabotolo awowo, ukatsuke matambula awowo, koma mowa usadzafike pakamwa pako. Wandimva?" Ndinati ndamva, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse. Ndinkaona ngati n'zosavuta, poti wogulitsa mafuta a galimoto samwa mafutawo.

Mbale ndinazizolowera msanga. Foloko kumanzere, mpeni kumanja, osaponda phazi la mlendo. Chimene chinandizunguza mutu ndi vinyo.

M'mawa wina amanejala anatiitanira kubala tonse operekera zakudya. Anatulutsa mabotolo atatu mufuriji, akuchita thukuta ndi kuzizira, n'kuthira pang'onopang'ono m'matambula a mwendo umodzi aja.

"Uyu ndi vinyo woyera," anatero.

Ndinayang'anitsitsa. Woyera ndimadziwa mkaka, ufa, ndi malaya a kwaya. Zimene zinali m'tambulamo zinali zachikasu chotuwa, ngati madzi amene waphikiramo kabichi. Koma munthu wapamayeso satsutsa bwana, ndiye ndinangogwedeza mutu.

Anatitchulira mayina. Woyamba Sovinyo, amene ndinamugwira msanga chifukwa dzina lake lili kale ndi vinyo m'kati. Wachiwiri Sheni. Wachitatu Mosikato, amene anati ndi wotsekemera. Kenako anayamba kumuyamikira Sovinyo uja. Akuti amanunkhira udzu wongodulidwa kumene. Ndinadzifunsa kuti munthu angawoloke nyanja zonsezo kudzamwa udzu, mbuzi za pa Chembe zikudya womwewo ulele? Akutinso ndi khirisipi. Khirisipi amene ndinkamudziwa ine ndi wa m'mapaketi, amene ana amakukuta pa sitolo. Ndisanamalize kudabwa zimenezo, anaponya mawu amene anandisokoneza kwa nthawi yaitali.

"Awiri oyambawa ndi dirayi. Dirayi ndiye kuti wouma. Vinyo woyera wouma, wozizira bwino, amayenda ndi nsomba. Musaiwale."

Wouma. Chinthu chili m'botolo, ukachigwedeza chikuchita khuvukhuvu, chikatayikira patebulo umathamangira kansalu, iwo akuti n'chouma. Anzanga anayamba kulawa, akugwedeza mitu ngati amva. Tambula itafika kwa ine ndinati ndikumwa mankhwala a malungo. Amanejala anati palibe vuto, ndidzalawa ndikachira. Malungo amenewo anakhalitsa ndithu.

Poti lilime ndinalimanga ndi lonjezo, ndinaganiza zogwiritsa ntchito mutu. Ndinapita kukhitchini kwa akhuki, bambo wachikulire wa ku Chowe, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, amene anaphikira azungu kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinkawatchula amalume. Ndinaganiza kuti zaka zonsezo sangalephere kudziwa.

"Amalume, vinyo wouma ndi wotani?"

Anasiya kupala mamba n'kundiyang'ana. "Amwali, mukufunsa ine? Ngwamba, ayi ndithu. Zimenezo kwa ine ndi haramu, zoletsedwa, ngakhale fungo ndimalithawa. Abwana anati chiyani kwenikweni?"

"Anati wouma amayenda ndi nsomba."

Anaganiza kwa kanthawi, kenako analoza ndi mpeni kunja kwa mpanda. Kuseri kwa loji kunali mathandala, timatebulo ta bango tija asodzi amayanikapo nsomba, atadzaza usipa mbee, ukunyezimira padzuwa.

"Walahi, nkhani ndi imeneyo," anatero akhuki. "Nsomba zilipo ziwiri, youma ndi yaiwisi. Ndiye azungu si opusa. Anapanga vinyo wouma wa nsomba youma. Winayo wotsekemerayo ndiye wa yaiwisi."

Mtima wanga unakhala pansi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, chinthu china chinamveka. Munthu aliyense wobadwira m'mbali mwa nyanja akamva mawu oti wouma pafupi ndi mawu oti nsomba, maganizo ake amathamangira pathandala. Ine ndi akhuki tinagwirana chanza ngati tapambana mlandu, anthu awiri amene sitinalawepo ngakhale dontho.

Vuto linali loti alendo sankatsata lamulo lathulo. Ambiri ankasankha okha. Munthu aitanitsa chambo chootcha, chimene chatuluka m'madzi m'mawa womwewo, ndiye n'kuitanitsanso Sovinyo. Ndinkawathirira mwaulemu, koma mumtima ndikuwamvera chisoni kuti abwera kutali osadziwa za kwawo komwe. Pamene usipa wouma wokazinga, umene tinkaika m'timbale ndi tsabola wa kambuzi kuti azitolatola podikira chakudya, ankaumwera mowa wamba wa m'botolo. Ndikawauza akhuki ankangopukusa mutu, n'kumati azungu a masiku ano ndi osalangizidwa.

Tsiku lina mwamuna ndi mkazi wake, okalamba ndithu, anandipempha kuti ndiwasankhire ndine. Anali ataitanitsa kampango. Ndinanyadira. Kampango wamuwisi, ndiye Mosikato, osakayika. Analawa, anayang'anizana, mkazi uja n'kumwetulira kuti n'zochititsa chidwi. Ndinathamangira kukhitchini kukanena kuti ndayamikiridwa. Pochotsa mbale ndinapeza botolo lili chidzadzire, ndipo ndinangoti mwina ndi anthu opemphera.

Kenako nthawi ya mayeso inakwana. Anali masana, alendo atapita pa boti kukaona nsomba za mitundumitundu kuchilumba. Amanejala anakhala patebulo la pakhonde ngati mlendo, naitanitsa chambo chootcha cha mandimu. Nditabweretsa anandifunsa m'Chingerezi cha mphuno kuti amwere chiyani. Ndinapita kufuriji mosadodoma, n'kubwera ndi Mosikato, kansalu kali pamkono.

Anayang'ana botolo, anayang'ana ine. Chingerezi chija chinathera pomwepo.

"Iwe, bwanji wotsekemera?"

"Poti nsombayi ndi yaiwisi, madamu."

"Ndiye?"

"Wouma ndi wa nsomba youma. Usipa, utaka wa pathandala. Munatero nokha kuti wouma amayenda ndi nsomba."

Anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kugwetsa foloko, misozi ili mbwee, akumenya tebulo. Ine ndinangoima ndi botolo langa, osadziwa ngati ndiseke nawo kapena ndiyambe kulongedza. Atapukuta m'maso nkhope inasintha.

"Sunalawepo, eti? Malungo aja anali abodza."

Ndinawafotokozera za bambo ndi za lonjezo langa kwa amayi. Anamvetsera osandidula, ndipo sanaseke.

"Ndakumva," anatero. "Koma sindingasunge munthu wogulitsa chinthu chimene sakuchidziwa. Mlendo akakufunsa amakhulupirira pakamwa pako. Sindikuti umwe. Ulawe, uzungulitse m'kamwa, ulavule. Akatswiri a vinyo amatero, sameza."

Anaitanitsa kabakuli kolavuliramo, nathira Sovinyo pang'ono, n'kundikankhira mbale ya chambo ija.

Apa mutu unaima. Amayi sananene kuti mowa usafike m'mimba. Anati pakamwa. Koma mwina ponena pakamwa ankatanthauza kumwa, poti ndani ku Malindi anaganizapo kuti kuli anthu amene amaika mowa m'kamwa n'cholinga choulavula? Nanga ndikakana, ndikafika kunyumba ndi lonjezo lathunthu koma chimanjamanja, azing'ono anga adya lonjezolo? Ndinayang'ana pa kawindo ka kukhitchini kuti mwina akhuki andithandiza ndi maso. Anali atatembenuka, akutsuka poto amene anali woyera kale. Ndinachita mantha, ndipo ndinakwiya, koma sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Ndinatsina chambo n'kudya. Kenako ndinanyamula tambula.

Kuzizira kunayamba, kenako kuwawasa, ngati waluma mango osapsa. M'kamwa monse munachita kukokana, malovu n'kubwera. Udzu sindinaumve, ndisaname. Ndinalavula msangamsanga. Chodabwitsa n'chakuti mafuta a chambo aja anali atachoka palilime, m'kamwa muli mbee, ndipo ndinkafuna kutsinanso nsomba ina.

"Waona?" anatero amanejala. "Ntchito imene amagwira mandimu pa nsomba, ndi imene akugwira vinyoyu. N'chifukwa chake amafunika wowawasa pang'ono ndiponso wozizira. Akatentha amafooka. Tsopano yesa wako uja."

Ndinatsinanso chambo n'kulawa Mosikato. Zinali ngati ndaviika nsomba mu tiyi wa shuga wambiri. Ndinakumbukira agogo awiri a kampango aja ndipo manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

"Ndiye wouma ndi uti pamenepa, madamu? Onse ndi onyowa."

"Wouma ndiye kuti alibe shuga. Basi."

"Nanga osangonena kuti wopanda shuga bwanji?"

 "Ndi mmene amanenera," anatero.

"Nanga usipa wouma amamwera uti?"

"Usipa? Kaya. Mwina Sheni. Ku Joni kunalibe usipa." Anaimirira n'kukankha mpando. "Mawa ubwere, yunifomu yako ikhala itakonzeka."

Ntchito ndinaipeza choncho. Ndinapita kuseri kwa khitchini n'kuchukucha m'kamwa ndi madzi kambirimbiri, koma kakomedwe kaja sikankachoka. Chimene chinandiopsa kwambiri sichinali kuwawasa. Chinali choti sindinanyansidwe nako.

Nditapatsidwa masiku opuma ndinapita kwathu. Njira yonse, kuchokera ku Monkey Bay mpaka kuwoloka mlatho pa boma, ndinkakonza mawu n'kuwaphwasulanso. Ndinawapeza amayi pabwalo akusenda chinangwa. Anasangalala ndi nkhani ya ntchito, anaitana aneba, anaimba ndi kanyimbo komwe. Anthu atabalalika anandifunsa osadzutsa mutu.

"Nanga zija tinagwirizana?"

Ndikanatha kungoti zili bwino. Koma ndinafotokoza zonse, za wouma, za akhuki, za kabakuli. Mpeni unaima m'manja mwawo.

"Unameza?"

"Ayi, amayi. Ndinalavula."

"Ndiye unamwa kapena sunamwe?"

"Sindikudziwa, amayi."

 Ndinkadikira kuti akalipe za lonjezo, koma chimene chinatuluka ndi china.

"Wati anali vinyo? Vinyo amalavula? Kutchalitchi kuno abambo akamaliza Misa amamwa wotsala yense, n'kutsukuluza chikho, n'kumwanso madziwo, kuti ngakhale kadontho kasagwe pansi. Iwe n'kumalavulira m'bakuli ngati wodwala chifuwa?"

"Ujatu ndi wofiira, amayi, ndipo ndi wodalitsidwa. Uyu ndi woyera."

"Woyera? Ndiye woyerayo ndi amene ukulavula?"

Ndinayesa kufotokoza kuti si kuyera kumeneko, ndipo kunena zoona si woyera n'komwe, ndi wachikasu. Ndinaona kuti ndikungowonjezera chisokonezo, ndiye ndinasiya. Amayi nawo anasowa poyambira. Akandikalipira kuti ndinalawa, ndiye kuti kulavula kunali bwino. Akandikalipira kuti ndinalavula, ndiye kuti akundiuza kuti ndizimeza. Anatola chinangwa china n'kuyamba kusenda mwamphamvu, mpaka kudula ndi mnofu womwe.

"Ndiye uzichita zimenezi kawirikawiri?"

"Akabweretsa vinyo watsopano, eya."

Sanandiuze kuti ndisiye ntchito. Sakanatha, ndipo tonse awiri tinkadziwa chifukwa chake. Sananenenso kuti andikhululukira, kapena kuti palibe chokhululuka. Anangoti ndikatenge madzi ndiviike chinangwacho.

Papita zaka tsopano. Mlendo akandifunsa ndimayankha bwinobwino: chambo chootcha ndi Sovinyo wozizira, kampango wamafuta kapena nkhuku ya tsabola ndi Sheni, wotsekemera adikire zipatso. Sindinamezepo ngakhale kamodzi, koma funso la amayi lija, loti ndinamwa kapena sindinamwe, yankho lake ndilibe mpaka lero.

Kuyambira ulendo umenewo, ndikafika ku Malindi amayi amandilandira mosiyana ndi kale. Kale ankandipatsa moni atakhala pamphasa, ine nditagwada chapatali. Tsopano amaimirira, amandikumbatira, nkhope yawo n'kuiyandikiza pafupi ndi yanga, ndipo amandifunsa mafunso ambirimbiri kuti ndiyankhe ndili pomwepo. Ndinkasangalala nazo, ndinkati ukalamba wawafewetsa mtima. Panapita nthawi ndithu ndisanazindikire kuti amakhala akundinunkhiza mpweya.