Mtanda wa Alongo Anga Pamsewu wa ku Kitwe

Ndikukumbukira kuti linali Loweruka loyamba la Novembala, mwezi wopempherera akufa, ndipo ndinali giredi seveni. Ndinakhala m'minibasi yochokera kwathu ku Masala nditafumbata chitini cha laimu pamiyendo, kuopa kuthira anthu. Chaka chilichonse ine ndi amayi tinkapita kukapaka mtanda wa alongo anga a Filipo, pamalo pomwe lole inawagunda akukankha njinga ya makala m'mphepete mwa msewu wa ku Kitwe. Makondakitala ankapatchula kuti pa Mtanda.

Titatsika, sindinapazindikire. Mitengo yonse anali atadula chifukwa ankakulitsa msewu. Ponseponse panali dothi lofiira losalala, fumbi lolowa m'mano ndi fungo la dizilo. Pakati pa zonsezo panatsala kachulu kakang'ono ka udzu, ndipo pamwamba pake mtanda unali chiimire. Mapazi a matayala a giredala, chigalimoto chosalaza msewu, ankaoneka kuti anauzungulira mosamala.

Kapitawo wa ntchitoyo anabwera atavula chipewa. Analankhula Chibemba, amayi n'kumayankha Chibemba chawo cha kumsika, ine ndikuyang'ana nsapato zanga. Anati anyamata ake onse anakana kuzula mtanda wa munthu wosamudziwa, ngakhale amene ankadzitama kuti saopa chilichonse, choncho ankadikira eni ake. Koma phula linali pafupi, ndipo sabata yotsatira sakanathanso kudikira. Anapempha kuti tiusunthire kuseri kwa zikhomo zofiira zosonyeza malire a msewu watsopano.

Amayi anayankha m'Chinyanja, ngati akudziuza okha: “Mwana wanga anagwera pano. Uko kuli ndani?”

Anagwada n'kuyamba kupaka. Ine ndinagwira chitini. Malole odzaza miyala ankadutsa, ndipo laimu asanaume anali atafiira kale ndi fumbi. Pobwerera amayi anangogwira kolona osaiwerenga. Ndinadziwa kuti sadzauzula, komanso kuti sadzapirira kumva kuti giredala yauphwanya.

Masiku ano ndimadutsa pamenepo popita kuntchito. Msewu ndi wotakata, wakuda bii, galimoto zimathamanga osagwedezeka, ndipo anthu amauyamikira. Inenso ndimauyamikira, chifukwa njinga zili ndi kodutsa kwake. Koma sindingathe kuloza pomwe panali kachulu kaja. Makondakitala achinyamata amafuulabe kuti pa Mtanda, osadziwa kuti unali wa yani. Mtandawo uli kuseri kwa chitseko cha chipinda cha amayi, ndipo sanandifunsepo mmene unafikira kumeneko. Novembala aliyense amaupaka laimu pakhonde.

Tsiku lija titafika kunyumba, ndinatsuka chitini, ndinabisa kakhasu ka kudimba m'chikwama changa cha sukulu, kenako ndinalemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, laimu akadali m'zikhadabo: “Mawa Misa ikatha, ndikawatenga ndekha a Filipo.”