Wotchi Yofuna Khasu

Achimwene anga a ku Joni anatumizira bambo wotchi yapamkono. Yolemera ngati mwala wonolera mpeni, lamba wachitsulo chosachita dzimbiri, galasi loti ngakhale mulikande ndi msomali silikandika. Ati ngakhale igwere mumtsinje wa Domasi, madzi salowa. Batire ilibe, imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono wa mwini wake. Apa mpamene panagona nkhani.

Bambo ndi mkulu wa mpingo ku Mishoni, ndipo kwa iwo chinthu chabwino n'cha Lamulungu basi. Wotchi ija anaikulunga m'kansalu n'kuiika musutikesi pamodzi ndi jekete la kutchalitchi. Lamulungu lililonse poitulutsa ankaipeza itaima. Ankaigogoda patebulo, kuiika kukhutu, kenako nyimbo yake yomweyo:

"Mwana uja wandigulira mtembo wa wotchi. Wandiona wakumudzi."

Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. "Bambo, iyi siyosunga, muzivala tsiku ndi tsiku." Iwo ayi, ati chinthu chodula savala pothamangitsa nkhuku. Tsiku lina anafuna kupita nayo kwa wokonza mawotchi kumsika wa Zomba kuti akaitsegule aikemo batire. Ndinachita kuwabisira nsapato. Choipitsitsa, analeka kulankhula ndi achimwene. Foni ikalira ankangoti, "Muuze ndagona." Zinkandinyansa, chifukwa wonama ndinkakhala ine.

Nditawaumiriza zedi analola kumavala. Koma kuvala kwake! Kukhala pakhonde tsiku lonse, dzanja lili pabondo. Pofika m'mawa wotchi ili zii, bambo nkhope ili gwaa.

Achimwene ataimbanso ndinalephera kudzigwira. "Munthu wokalamba mungamutumizire chinthu chovuta chonchi? Mwatiika m'mavuto ife kuno."

Anaseka. "Chemwali, palibe chovuta apo. Ndinasankha dala imeneyo. Bambo aja salekana ndi khasu. Akangolima mizere yawo kudimba, iyenda mpaka mkuja."

Ndinayang'ana pakhonde. Bambo anali akulimbana ndi kudzuka pampando, atatsamira ndodo yawo.

"Achimwene, bambo khasu anasiya kalekale. Dimba timalima ine ndi mayi."

"Kuyambira liti? Bwanji simunandiuze?"

"Mukanabwera mukanaona nokha."

Ndinkangomva magalimoto a ku Joni akudutsa kumbuyo kwawo, mpaka foni inaduka yokha.