Chithunzi cha Mayi Tisiyenji

Mayi Tisiyenji Kachigwada amalima mtedza ku Kabudula, ndipo kale sankakaniza mlendo mpando. Chaka china kunabwera Pamela, wogwira ntchito ku bungwe lina, atanyamula foni yaikulu ija amati tabuleti. Anati akuchita kafukufuku wa mbewu. Analemba dzina lawo ndi nambala ya foni, kenako anawajambula ataima pakhonde.

Patapita miyezi inayi, mng'ono wawo wa ku Njewa anawaonetsa chithunzicho pa intaneti. Pansi pake panalembedwa kuti ndi mayi wamasiye wogona ndi njala, chonsecho amuna awo, a Lyton, anali moyo. Kumsika anthu anayamba kuwaseka.

Pamela atabweranso ndi mafunso ena, Mayi Tisiyenji anamuimitsa panjira.

"Kodi amuna anga munawaika m'manda ati?"

"Mayi, zimenezo analemba ndi a ku ofesi."

"Koma anandijambula ndinu, eti? Fufutani pompano ndikuona, muzipita!"

Pamela anafufuta zomwe zinali m'tabuletimo, koma anavomera kuti za pa intaneti sangathe kuzichotsa. Kuyambira tsikulo, wobwera ndi mafunso pakhomopo amayamba wafotokoza komwe mayankho akupita. Akachita chibwibwi, mayiwo amamubweza asanakhale n'komwe.