Manda Amene Anaikamo Nthochi

Kumanda a kwathu, m'dera la Lundu, kuli kumtunda ndi kumunsi. Kumtunda, pansi pa mitengo ya bwemba, kumagona eni mudzi. Kumunsi, kumene nthaka imatsetserekera ku Shire, kumagona alendo: akamwini, anyamata aganyu ofera kuno opanda wodzawatenga, ndi ife. Ife tabadwira pamudzipo, michombo yathu inagwera pomwepo, koma tikafa amatinyamulira kumunsi. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Athuwa ndi mame a mtundu wanji okhala mibadwo itatu dzuwa la Chikwawa likuwaomba?

Chaka chimene madzi anasefukira mpaka kulowa m'tchalitchi, anakokolola manda onse a kumunsi. Anatenga a agogo anga, bambo awo a mayi. Anatenganso a malume, amene nkhata zawo zinali zisanafote n'komwe. Madzi ataphwa, mayi anapita kukaona ndi ndodo yawo, ndipo anapeza mchenga ndi bango basi. Atabwerera anakhala pakhonde osavula mpango, n'kundiitana. Mayi akapsa mtima Chisena chimatulukira chokha.

"Ine kumunsi nkhabe, ayi," anatero. "Wamva iwe? Ine sindidyedwa ndi milamba. Undiike kumtunda, pamalo pa baba."

Malo amene ankanenawo ndinkawadziwa, chifukwa nkhani yake ndinakula nayo. Agogo anali atangokwatira kumene pamene amesenjala a boma anafika kudzagwira amtengatenga pa nkhondo ya Jeremani. Anawasenzetsa mabokosi a asilikali n'kupita nawo kutali. Nkhondo itatha anzawo ena anabwera, iwo ayi. Unangofika uthenga wakuti kamwazi anawapha m'njira. Abale anachita zimene timachita munthu akatengedwa ndi ng'ona, mtembo osapezeka. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga mumphasa, analilira, n'kukaliika kumtunda pakati pa makolo. Anameta maliro. Mkazi uja anamusudzula nakakwatiwa kwina. Dzina la agogo analipereka kwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo. Kwathu wolowa dzina amalowanso malo a malemu. Amakhala pampando pake, ndipo ana a malemuyo amamutcha bambo.

Koma munthuyo sanafe. Anamusiya m'njira ali chikomokere, kudziko la Apwitikizi, ndipo banja lina la Asena linamutola n'kumudwazika. Patapita zaka anatulukira pamudzi masana dzuwa likuswa mtengo, ali ndi mkazi wa Chisena wobereka mwana kumbuyo. Anthu anathawa, kusiya mitondo ili ndi mapira. Munthu amene mwamulira, mwamumetera, sabwera. Akabwera ndiye kuti ndi mzukwa, kapena ndi wina wongofanana naye. Mayi wake womubereka anamugwira kumaso, analira, kenaka anati, "Alendo, khalani apo." Anamupatsa malo kumapeto kwa mudzi. Chakudya ankamupatsa, moni ankamupatsa, koma dzina lake lija panalibenso amene anamuitana nalo. Anafa ali Mlendo, ndipo anamuika kumunsi.

Ana ake ndiye anaona zakuda. Kwa Amang'anja mwana ndi wa kwa mayi, ndiye pamudzi ankati awa ndi a kwa Apwitikizi. Kwa Asena mwana ndi wa kwa bambo, ndiye akapita kuchimake ankauzidwa kuti kwanu n'komwe mwachokerako. Mayi anga ndi chitsiriza m'banjamo, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atatsala okha.

Dzina lija lero lili ndi munthu wachitatu. Ndi mkulu wofatsa, mlimi wa thonje, wosajomba kutchalitchi, ndipo ndiye amalozera adzukulu pokumba pakagwa maliro m'banjamo. Sindidana nawo mkuluyu, koma kufatsa kwawo kumandiwawa, chifukwa amakukanira akumwetulira. Ndi aang'ono kwa mayi, komabe chilowereni dzinalo mayi ankawatcha baba paliponse, kumsika, kuchigayo, pamaso pa anthu. Iwo ankangoti "zikomo amayi" n'kuyang'ana kumbali.

Nditapita kukawauza zofuna za mayi, anandiyalira mphasa n'kunditumizira madzi akumwa.

"Mwanawe, nkhani imeneyo tonse tinaimva," anatero. "Koma mwini dzina anafa wopanda mwana. Amene anabwerayo anali mlendo wofanana naye. Inu ndinu aphunzitsi, mumadziwa kuti boma linkalemba zonse. Tabweretsani pepala tione."

Ankaganiza kuti andithana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sukulu zitatsekera ndinakwera minibasi, kukwera mapiri a Thabwa makutu akutsekeka, mpaka ku Zomba, kunyumba imene amasungirako mapepala akale a boma. Ndinafika nditavala za kwathu kotentha, ndipo ndinazizidwa mpaka mano kugunda.

Mayi wina wogwira ntchito mmenemo anandichenjeza ndisanayambe. Anati amtengatenga ambiri sanalembedwe maina, ankangowerengedwa mitu ngati mbuzi. Anandibweretsera mitolo ya mapepala a boma lathu, ofiirira, onunkha ngati nkhokwe yakale. Ndinafufuza masiku angapo, maso kuwawa ndi zilembo zopendama za makalaliki. Ndinali nditayamba kutaya mtima pamene ndinafika pa mndandanda wa amtengatenga amene sanabwerere. Dzina la agogo linali pamenepo, lolembedwa mokhota monga linamvekera m'khutu la mzungu, koma ndi lomwelo, ndi mudzi wathu pambali pake. Kutsogolo kwa dzinalo kunali liwu limodzi la Chingerezi lonena kuti anafa.

Ndinapitiriza. M'mapepala a kalembera ndi a msonkho a zaka zapambuyo, mmene ankalemba anthu olowa kuchokera kwa Apwitikizi, ndinapezanso mudzi wathu. Munali mwamuna mmodzi, mkazi ndi mwana. Pa dzina analemba kuti Mlendo.

Ndinaseka mokweza mpaka mayi uja anadzutsa mutu. Sikunali kuseka kokondwa, ndinali nditakwiya kwabasi. Pepala loyamba linawapha agogo, lachiwiri linawasandutsa obwera m'mudzi mwa mayi wawo. Ndipo kalaliki wachiwiriyo sananame yekha. Iye anafunsa kuti uyu ndani, mudzi unayankha. Mwiniwake ayenera kuti anali chilili pomwepo, chipewa chili m'manja, akumva abale ake akumukana pamaso pa boma.

Ndinajambulitsa masamba awiriwo. M'njira monse ndinkalimbana ndi maganizo oti ndikaname kuti sindinapeze kanthu, popeza umboni umene ndinapita kukatenga unali wotimaliza. Koma mayi anga sanamizika. Ndinawawerengera zonse monga zinalili, osachotsa kanthu.

Mayi sadziwa kuwerenga. Anati ndiwaike chala pamene pali dzina. Ndinagwira chala chawo chokhakhala ndi khasu n'kuchiika pamenepo.

"Ndi apa?"

"Ndi pomwepo, mayi."

Anasisita pang'onopang'ono, n'kulitchula dzinalo motsitsa. Moyo wawo wonse anali asanalionepo litaima pa bambo awo, nthawi zonse linkakhala pa munthu wina. Ine misozi inalengeza, koma iwo maso anali gwa.

"Alemba kuti anawaika kuti?" anafunsa.

"Sanalembe."

"Basi. Tenga mpango wanga, tiye."

Tinawapeza mkulu uja pansi pa mtengo wa masawu akusankha thonje. Anavala magalasi, anawerenga masamba onse awiri mosafulumira, kenaka kumwetulira kuja kunabwera.

"Mwaonatu, amayi. Si ine, ndi boma. Likuti anafa."

"Bomalo linaona mtembo?" anatero mayi.

"Zimenezo sitingadziwe."

"Inu munaona mtembo? Amalume anu anauona? M'manda muja, baba, muli chiyani?"

"Zakale izo, amayi."

"Nenani, baba. Pakamwa muli napo."

Mkuluyo anayang'ana thonje lake. "Nthochi," anatero.

"Takhuta, zikomo. Nthochi. Ndiye pamenepo palibe munthu. Baba wanga munawalanda dzina, munawalanda mkazi, munawagoneka kumunsi, madzi adzatenga ndi mafupa omwe. Chimene chawatsalira padziko pano ndi malo okhawo. Nthochi yagonapo mokwanira. Tsopano ndigonapo ine."

"Mwambo sulola, amayi. Kumtunda ndi kwa eni mbumba."

Apa mayi anagogoda pansi ndi ndodo. "Mwambo womwewo ukuti wolowa dzina ndi bambo wa ana. Dzina munameza, ana ndiye mukulavula? Ngati ana simukuwafuna, bwezani dzinalo. Ndipita nalo kumunsi, milamba ikadyere limodzi."

Mkulu uja anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Pomaliza anangoti, "Tiona." Ine ndinamva ngati tapita pachabe, chifukwa "tiona" wa munthu wofatsa ndi "ayi" wovala jekete. Koma mayi anabwerera kunyumba akuyenda mwamphamvu, ndipo madzulo amenewo anamaliza okha nsomba ziwiri za makakana.

Anamwalira m'mwezi wotentha, mvula isanagwe, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Sanadwale nthawi yaitali. Mawu omaliza omveka amene anandiuza anali omwe aja, akuti kumunsi nkhabe.

Kutacha adzukulu anasonkhana ndi makasu awo, kudikira kuti mkulu uja akawalozere. Kwathu mkazi salowa kumanda manda asanakumbidwe. Ndinkadziwa bwino zimenezo. Ndinamanga chitenje, ndinadutsa pakati pa azibambo amene anali pabwalo, n'kulunjika kumtunda. Malowo sasowa, ndi kachulu kophwa pakati pa mibwemba iwiri, kopanda mtanda. Ndinaima pamenepo.

Adzukulu ananditsatira akung'ung'udza. Mmodzi anati, "Amayi, mwalakwitsatu apa, mlandu uwu." Ndinamuuza kuti mbuzi yolipira ndili nayo, aimange akafuna. Ndinawauzanso kuti ngati akumbe kumunsi akumbe, koma akapeze wina woti amuikemo, chifukwa bokosi la mayi anga silituluka m'nyumba. Aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo m'dzuwa limene lija. Ndinkalankhula ndi ukali umene ndinali nditausunga chiyambire ubwana, pamene anzanga ankandinena kuti kwanu n'kutsidya.

Mkulu uja anafika pambuyo, akuyenda pang'onopang'ono. Sankamwetulira. Anthu anapatuka, ndipo tinayang'anana. Ine chibadwire ndinali ndisanawatchulepo monga mayi ankafunira. Ndinkangoti "akulu" kapena "bambo" wa ulemu wamba, poti ndinkaona ngati kutero n'kudzigwetsa. Tsiku limenelo ndinagwada pachulupo, n'kunena mokweza kuti adzukulu onse amve.

"Agogo, mwana wanu wagona m'nyumbamo. Agona pati?"

Mkuluyo anayang'ana kumunsi, kumene kunali mchenga woyera ndi bango. Anayang'ananso pamene ndinagwada. Kenaka anatambasula dzanja kwa mdzukulu amene anali pafupi, analandira khasu, n'kundiuza kuti, "Tasuntha, mdzukulu wanga." Anatema kamodzi pakati pa chulu, n'kubweza khasulo.

Anakumba mpaka m'chiuno, mpaka m'khosi. Fupa silinapezeke, ngakhale kachidutswa ka mphasa. Adzukulu, poti nthabwala zawo sizithera maliro, anayamba kufunsana kuti nthochi ija inapsa liti ndipo anadya ndani. Anthu anaseka, inenso ndinaseka misozi ikutsika. Chibale ndi fupa, sichiola. Chimene chinaola m'dzenjemo ndi nthochi.

Pa nthawi ya zolankhula, woyendetsa mwambo anafunsa ngati alipo wa kubanja. Mkulu uja anaimirira. Sanalankhule zambiri. Anatchula dzina lake lija, n'kunena kuti amene tikumuika lero ndi mwana wa dzina limeneli. Ena a m'banja mwawo sanakondwe, ndipo mpaka lero alipo amene sandipatsa moni kumjigo. Zawo zimenezo, ine tulo ndimagona.

Tisanatseke bokosi ndinachita chinthu chimodzi chimene sindinapemphe kwa aliyense. Ndinatenga tsamba lija lonena kuti agogo anafa pa nkhondo, ndinalipinda, n'kuliika m'dzanja la mayi, kuti akawaonetse bambo awo aseke. Tsamba linalo, lolemba kuti Mlendo, ndinayatsira moto wa phala la adzukulu.

Mwezi wathawu mzibambo wina wa m'banja lija anandipeza kumsika n'kundiuza mwaulemu kuti zija zinali za mayi okha, tisayese kuti khomo latseguka. Ndinamuyankha ndi ulemu womwewo. Kwa Amang'anja mwana amatsata mayi ake. Mwambo umenewo sindinaupange ine, ndi wawo, ndipo anatikhomera nawo kumunsi mibadwo itatu. Mayi anga tsopano ali kumtunda.